Gawo latsopano la gemu yomanga mizinda: choyembekezera n'chiyani, chodetsa nkhawa n'chiyani

Okonda magemu omanga mizinda sakusowa choyembekezera. Mu 2025 kampani ya Urban Games ya ku Switzerland idalengeza Transport Fever 3, Kalypso Media ya ku Germany nayo idalengeza Tropico 7, pomwe eni PlayStation 5 ndi Xbox Series adalonjezedwa Cities: Skylines II kalekale mu 2023. Gawo latsopano likalengezedwa, makanema otsatsa amabwera ndi zomwezomwezo: dzuwa likulowa kuseri kwa nyumba zosanja, sitima ikuwoloka mlatho, timagalimoto tikuyenda mwadongosolo. Kusangalala nazo si kulakwa. Koma magemu a mtundu uwu ali ndi khalidwe lomwe gemu ya mpira ilibe. Gemu ya mpira ikailemera kompyuta yanu, mumadziwa chigawo choyamba chisanathe. Yomanga mzinda imayenda bwinobwino pamene mzinda uli ndi anthu 5,000, n'kudzayamba kutsimphina patapita masabata, anthu atafika 100,000. Pofika apo nthawi yobweza ndalama idadutsa, ndipo bandulo idatha kale.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri kuno ku Mzuzu chifukwa ambiri ogula gemu yotere amafuna tsiku lina kumanga mzinda wakwawo: msewu wa M1, wa ku Nkhata Bay, Luwinga ndi mafakitale ake, Katoto, Chibavi, Zolozolo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 221,272 mumzinda uno. Mzinda wa msinkhu umenewo ndiye umaulula ngati gemu ndi kompyuta zikumvana, ndipo makompyuta ambiri apakatikati amayamba kupuma wefuwefu usanafike n'komwe pamenepo.

Ntchito ziwiri zomwe kompyuta imagwira

Ntchito yoyamba ndi kujambula zomwe mukuona. Iyi ndi ya graphics card, chipangizo chojambula zithunzi m'kompyuta, yomwe ena amati GPU, ndipo imayezedwa ndi fps, kuchuluka kwa zithunzi zomwe zimasintha pa sekondi imodzi. Yachiwiri ndi kuwerengetsera moyo wa mzindawo: ndani akupita kuti, madzi akufika pati, fakitale iti yasowa katundu, msonkho walowa wochuluka bwanji. Iyi ndi ya CPU, ubongo wa kompyuta womwe umachita masamu. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi, n'kukagula graphics card yodula pamene chatopa ndi CPU.

Magemu akale monga SimCity 4 ya 2003 ankapeputsa ntchito yachiwiriyi. Ankawerengera anthu m'magulu: dera ili lili ndi ogwira ntchito akuti, ntchito zili uko, ndiye msewu wapakati udzadzaza mwakuti. Timagalimoto tomwe munkaona tinali chithunzi chabe cha masamuwo. Magemu atsopano amatsata kamunthu kalikonse pakokha. Kali ndi dzina, nyumba, kuntchito, zaka zake, ndipo kakanyamuka, kompyuta imakafufuzira njira pa misewu yonse yomwe mwamanga. Tiyerekeze kamunthu kochoka ku Zolozolo kupita kuntchito ku Luwinga. Kompyuta iyenera kuyerekeza kuyenda wapansi, kukwera basi ndi kuyendetsa galimoto, iwerenge mphambano iliyonse, isankhe njira yopepuka. Ulendo umodzi si kanthu. Maulendo zikwizikwi nthawi imodzi, pa misewu yomwe ikuchulukirachulukira, ndiwo amatopetsa CPU, chifukwa mzinda ukakula pamachuluka zinthu ziwiri pamodzi: oyenda, ndi njira zoti ziyerekezedwe pa ulendo uliwonse.

Cities: Skylines yoyamba, yomwe idatuluka pa 10 Malichi 2015 kuchokera ku kampani ya Colossal Order ya ku Tampere m'dziko la Finland, idathana ndi vutoli poika malire. Magalimoto oyenda nthawi imodzi sankapitirira 16,384, ndipo tianthu tooneka tikuyenda sitinkapitirira 65,536. Mzinda ukagunda malirewo pankachitika zodabwitsa: galimoto zotola zinyalala ndi zonyamula maliro zinkalephera kutuluka, osati chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, koma chifukwa mpata wa magalimoto mu gemu udatha. Vuto lina lodziwika linali la mizere. Galimoto inkasankha njira yonse, ndi mzere womwe, ponyamuka, osasinthanso. Ndiye mumapeza msewu wa mizere itatu uli ndi mdipiti wautali mumzere umodzi, iwiri ili mbee. Galimoto ikakhalitsa pamdipiti inkangozimiririka, gemu n'kuichotsa mwakachetechete. Osewera ambiri ankakonza izi ndi mod, kapulogalamu kosintha gemu kopangidwa ndi osewera okha, yotchedwa Traffic Manager: President Edition.

Apa ndi pomwe chiyembekezo cha gawo lachiwiri chimachokera. Cities: Skylines II idachotsa malire okhazikikawo. Tianthu timasankha njira poyang'ana nthawi, ndalama ndi kumasuka kwa ulendo, ndipo msinkhu umasintha kasankhidwe: achinyamata amasamala za mtengo, akuluakulu za nthawi, okalamba za kumasuka. Galimoto imafuna poimika, ingathe kusintha njira kutsogolo kukachitika ngozi, ndipo misewu yambiri imabwera ndi mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi pansi pake. Malo omangapo adakula kupitirira 150 km² m'tizigawo 441, pomwe gawo loyamba lopanda mod linkalola zigawo 9 zokha, pafupifupi 33 km². Zonsezi ndi zabwino ndithu, ndipo wokonda kukonza misewu akazilawa savomera kubwerera m'mbuyo.

Koma malire akachotsedwa mu gemu, sikuti atha. Amasamukira mu CPU yanu. Mzinda ukakula kuposa mphamvu zake, gemu siima, imangochedwetsa nthawi. Zithunzi zitha kumayenda bwino, fps ili 40, koma wotchi ya mzinda ikukwawa: mwadina liwiro lachitatu, magalimoto akuyenda ngati ali pa loyamba. Kuchedwa kumeneku kanema wotsatsa sangakuonetseni, ndipo kutsitsa kukongola kwa zithunzi sikukuchiza.

Zomwe zidachitika kawiri konse

Nkhawa ya osewera akale si yongopeka. SimCity ya 2013, ya kampani ya Maxis pansi pa Electronic Arts, idayembekezeredwa zaka 10 chitulukireni SimCity 4. Idatuluka mu Malichi 2013 ikufuna intaneti nthawi zonse, ngakhale mukusewera nokha. Maseva, makompyuta a kampani omwe osewera amalumikizako, adalephera kulandira anthu, ogula ankadikira pamzere kuti alowe mu gemu yomwe alipira, ena mizinda yawo idasowa, mpaka kampani idayamba yazimitsa liwiro lapamwamba kuti maseva apepukidwe. Malo omangapo anali makilomita 2 mulitali ndi 2 mulifupi basi. Ndipo osewera atatsatira tianthu tija adapeza kuti tilibe nyumba zenizeni: madzulo kalikonse kankalowa m'nyumba yapafupi yomwe ili ndi malo, m'mawa n'kupita kuntchito iliyonse yapafupi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusewera popanda intaneti kudabwera mu Malichi 2014, ndipo mu Malichi 2015 ofesi ya Maxis ya ku Emeryville idatsekedwa, mwezi womwewo Cities: Skylines idatuluka n'kutenga osewera okhumudwawo. Pofika 2022 Cities: Skylines inali itagulitsa makope opitirira 12 miliyoni.

Ndiye ambiri ankayesa kuti kampani yomwe idapindula ndi kugwa kwa inzake singagwere m'dzenje lomwelo. Cities: Skylines II idalengezedwa mu Malichi 2023, n'kutuluka pa kompyuta pa 24 Okutobala 2023. Zizindikiro zidaoneka isanatuluke. Ya PlayStation ndi Xbox idakankhidwira m'tsogolo. Kompyuta yomwe ankalimbikitsa idakwezedwa kufika pa graphics card ya RTX 3080 ya 10 GB, CPU ya Core i5-12600K kapena Ryzen 7 5800X, ndi RAM ya 16 GB. Kutatsala masiku ochepa, ofalitsa ake a Paradox Interactive adavomereza poyera kuti gemuyo sidafike pa liwiro lomwe ankafuna, koma adaitulutsabe, n'kunena kuti cholinga chawo ndi fps 30.

Chomwe chidalemetsa graphics card n'chosavuta kumva. Gemu yokonzedwa bwino imasunga mitundu ingapo ya chinthu chimodzi: nyumba yatsatanetsatane yoonetsa mukayandikira, ndi ina yopepuka yoonetsa mukatalikira. Amati LOD. Imapewanso kujambula zobisika kuseri kwa zina. Akatswiri atafufuza gemuyo adapeza kuti zinthu zambiri zinalibe mitundu yopepukayo, ndipo tizinthu tosaoneka n'komwe pasikirini tinkajambulidwa mwatsatanetsatane, mpaka mano a tianthu toyenda mumsewu. Kampani idati manowo sindiwo gwero lenileni la kulemera, zomwe n'zomveka, koma adaonetsa poyera kuti ntchito yopeputsa inali isanathe.

Chuma cha mu gemu chinalinso ndi chinyengo chake. Poyamba mzinda unkalandira thandizo la ndalama lochokera ku boma lomwe linkakwirira zolakwa za wosewera, moti kugwa mphwayi ndi bajeti sikunkapweteka. Thandizoli lidachotsedwa mu Juni 2024 pa kusintha komwe adakutcha Economy 2.0. Mu Malichi 2024 adatulutsa DLC, kutanthauza zowonjezera za gemu zogula padera, ya Beach Properties, anthu adakwiya ndi kuchepa kwa zomwe zinalimo, ndipo mu Epulo kampani idapepesa, kubweza ndalama, n'kuiika mu gemu mwaulere. Mu Novembala 2025 kudalengezedwa kuti Colossal Order ikusiya gemuyi, ndipo Iceflake Studios, nayonso ya ku Tampere, ipitiriza kuyambira 2026.

Chifukwa chake gawo lachiwiri limaoneka lopanda kanthu

Pali chinthu china chomwe si kulephera kwa kampani kwenikweni, koma chimakhumudwitsabe. Munthu amayerekeza gawo latsopano la tsiku limodzi ndi gawo lakale lomwe lakhala likuwonjezeredwa zinthu zaka 8. Cities: Skylines yoyamba idalandira After Dark mu 2015, Snowfall ndi Natural Disasters mu 2016, Mass Transit mu 2017, Parklife ndi Industries mu 2018, Campus mu 2019, Airports mu 2022, ndi zina zambiri. Pamwamba pa izo panali nyumba, misewu, magalimoto ndi ma mod osawerengeka opangidwa ndi osewera pa Steam Workshop, malo ogawirana zinthu zotere pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti. Gawo lachiwiri silitenga chilichonse mwa izi. Ma DLC omwe mudagula sasamuka, ma mod akale sagwira, mizinda yomwe mudasunga sitseguka.

Chitsanzo chomwe munthu wa ku Mzuzu angachimve msanga ndi njinga. Gawo loyamba lidalandira njinga ndi misewu yake kudzera mu After Dark. Lachiwiri lidatuluka lopanda njinga ngakhale imodzi, mpaka chakumapeto kwa 2025. Mzinda womwe ma sacramento ake, njinga za kabaza zija, amanyamula anthu ndi katundu tsiku lonse simukadaumanga moona m'zaka ziwiri zimenezo. Ndipo ngakhale njinga zilipo, magemu awa amaganiza za mzinda wa ku Ulaya kapena ku America: nyumba imamera pokhapokha mwajambula puloti m'mbali mwa msewu. Kumanga kwa m'malo otsetsereka ngati ku Masasa, komwe anthu amayamba akhala, msewu ndi ngalande n'kumadzatsatira m'mbuyo, mulibemo. Mavenda, minibasi yodikira kudzaza, mpope wa madzi wogawana makomo ambiri, zonsezi zikadzalowa, zidzalowa ndi ma mod. Tropico imayesako, chifukwa anthu osowa nyumba amadzimangira zisakasa okha.

N'chifukwa chake funso la ma mod ndi lalikulu kuposa la kukongola. Cities: Skylines II idasiya Steam Workshop n'kusankha Paradox Mods, kuti eni PlayStation ndi Xbox adzapeze nawo zina. Koma njirayo sidalipo tsiku lotuluka, idafika mu Malichi 2024, ndipo chida chopangira nyumba zatsopano chidachedwa koposa. Gemu ina iliyonse ikamalengezedwa, funsani zinthu zitatu izi padera: kodi ma mod osintha kayendedwe ka gemu adzaloledwa, kodi osewera adzatha kulowetsa nyumba zawo, ndipo kodi zidzakhalapo tsiku loyamba kapena "posachedwa". Yankho la "posachedwa" liwerengeni ngati ayi.

Mtengo weniweni ukafika ku Mzuzu

Cities: Skylines II idatuluka pa mtengo wa madola 49.99. Patangopita masabata awiri, mu Novembala 2023, kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi pafupifupi 44 peresenti. Mtengo wa gemu umakhala m'madola, ndipo kulipira kunja ndi khadi ya banki kumadalira kupezeka kwa ndalama zakunja, choncho gemu yogula molakwika imapweteka kuno kuposa kwa anzathu akunja.

Kenako pali bandulo. Gemuyi imafuna malo a 60 GB pa disiki. Tinene kuti zokoka pa intaneti ndi 50 GB: pa liwiro la 10 Mbps losadukiza ndi maola 11 ndi mphindi zingapo, ndipo netiweki ya foni sikhala pa liwiro limodzi usiku wonse. Gemu yotuluka isanapse imatsatidwa ndi ma update pafupipafupi, ena a ma GB angapo. Wogula patapita chaka amakoka kamodzi zomwe wogula tsiku loyamba adakoka kangapo. Pa Steam lowani mu Properties ya gemuyo, pa Updates, musankhe kuti izisintha pokhapokha mukaitsegula, apo ayi idzadya bandulo yanu masana mukugwira ntchito zina. Onaninso ngati gemu ikuseweredwa popanda intaneti komanso ngati ikufuna kulowa akaunti ina pamwamba pa ya Steam. Phunziro la SimCity ya 2013 kuno ndi lowirikiza.

Magetsi nawo ali ndi masamu ake. RTX 3080 yokha imadya ma watt 320, ndipo Nvidia amalimbikitsa power supply ya ma watt 750. UPS wamba ya 650 VA, batire yogwirizira kompyuta magetsi akathima, yomwe imapezeka kwambiri m'mashopu, imapereka ma watt osapitirira 400. Magetsi akathima gemu ili mkati, UPS yotere ingalire n'kuzima pompo. Pa kompyuta ya msinkhu umenewo pamafunika ya 1500 VA kapena kuposa, ndipo ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zosungira mzinda ndi kuzimitsa bwino, osati kupitiriza kusewera. Choopsa kwambiri ndi magetsi kuthima pamene gemu ikulemba fayilo ya mzinda: fayiloyo imaonongeka, osatsegukanso. Yatsani autosave, muiuze isunge mafayilo angapo mosinthana, ndipo nthawi ndi nthawi sungani pamanja ndi dzina latsopano m'malo mofufuta lakale.

Za malaputopu: dzina la graphics card lisakunyengeni. RTX ya mu laputopu ndi yofooka poyerekeza ndi ya dzina lomwelo ya kompyuta ya padesiki, chifukwa imapatsidwa magetsi ochepa. Laputopu ya muofesi yokhala ndi Intel UHD siyendetsa gemu yotere, ngakhale chomata chake chilembedwe Core i7. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pitani pa Performance, muone dzina la GPU ndi kuchuluka kwa memory yakeyake. Yochepera 4 GB ili pansi pa zomwe Cities: Skylines II imafuna pongoyambira. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumathandiza makina kuno, koma fumbi la chilimwe likatseka mafani, pofika Okutobala CPU imatentha n'kudzichepetsa liwiro yokha. Zikatero gemu imayamba bwino, n'kulemera patapita mphindi 20. Tsukulani, pukutani fumbi, ikani laputopu pamalo olimba osati pabulangeti.

Momwe mungayesere m'maola awiri

Steam imabweza ndalama ngati mwapempha pasanathe masiku 14 chigulireni ndipo mwasewera maola osakwana 2. Mukalipiriratu gemu isanatuluke, masikuwo amayamba kuwerengedwa tsiku lotuluka, koma maola omwe mwasewera pa mwayi wolowa msanga amawerengedwa nawo. Kulipiriratu sikukupatsani chilichonse cha phindu, gemu ya pa intaneti siitha m'sitolo. Gulani tsiku lomwe bandulo ndi magetsi zili chire kuti masiku 14 asathere kukoka.

Maola awiriwo musawataye n'kumanga kamudzi katsopano, chifukwa kamudzi kamayenda bwino pa kompyuta iliyonse. Pezani fayilo ya mzinda waukulu womwe wina adamanga kale, wa anthu 100,000 kapena kuposa. Osewera amagawana mafayilo otere, ndipo pa Cities: Skylines II amapezeka pa Paradox Mods. Ukatseguka, dikirani mphindi zingapo kuti zithunzi zikhazikike, kenako yatsani choonetsa fps cha Steam. Yang'anani fps muli m'mwamba, muli pansi pamphambano yodzaza, usiku, komanso mvula ikugwa. Ikakhala yotsika, tsitsani zinthu motsatana, chimodzichimodzi: sikirini pa 1080p, zimitsani depth of field, motion blur ndi volumetrics, tsitsani global illumination, pomaliza level of detail. Fps ikakwera, vuto linali graphics card ndipo mutha kukhala nalo.

Kenako yesani CPU. Ikani liwiro loyamba, muyeze ndi wotchi ya foni kuti ola limodzi la mu gemu likutenga nthawi yaitali bwanji. Bwerezani pa liwiro lapamwamba. Nthawi ziwirizo zikayandikana, CPU yanu yafika kale pamapeto ndi mzinda wa msinkhu umenewo, ndipo palibe batani la zithunzi lomwe lingasinthe zimenezo. Apa pemphani ndalama zanu, kapena vomerezani kuti mudzimanga matauni ang'onoang'ono.

Nthawi yotsalayo ifufuzeni ngati gemu ikunena zoona. Dinani kamunthu kamodzi, muone nyumba yake, mukatsatire kuntchito, muone ngati madzulo kabwerera kunyumba yomweyo. Tsatirani lole imodzi kuchoka kufakitale mpaka kusitolo. Dulani msewu umodzi wolowa kudera la mafakitale, muone ngati masitolo ayamba kusowa katundu kapena katunduyo akungofika mwamatsenga. Kwezani msonkho kwambiri, muone ngati anthu akusamuka. Gemu yomwe siikuyankha pa mayeso amenewa ikungojambula mzinda, sikuuyendetsa.

Ikapambana zonsezi n'kuisunga, samalani ndi zinthu ziwiri m'miyezi yoyamba. Musajambule mapuloti a nyumba ochuluka nthawi imodzi: m'gawo loyamba la Cities: Skylines anthu olowa pamodzi ankakalamba pamodzi n'kumwalira pamodzi, galimoto za maliro n'kuchepa, nyumba n'kusiyidwa, ndipo gemu iliyonse yotsata zaka za munthu aliyense ingachite chimodzimodzi. Chachiwiri ndi ma mod. Update iliyonse ingathyole mod yomwe mzinda wanu ukudalira, ndipo mzinda wosungidwa pomwe mod ili yothyoka ungakane kutseguka. Update ikafika, koperani fayilo ya mzinda kufoda ina kapena pa flash, dikirani masiku angapo kuti opanga ma mod akonze zawo, mutsegule gemu kaye popanda mod iliyonse, kenako muziyatsa imodziimodzi.